Apilo mlandu wa malonda usanathe: zoyenera kuchita pamene mbali ina ili kunja kwa Malawi

Akuluakulu amati mlandu suola. Sanalakwe, koma ufulu wochita apilo umaola, ndipo pa zigamulo za m'kati mwa mlandu umaola pakangotha masiku 14. Amalonda ambiri amadziwa za masabata asanu ndi limodzi amene munthu amakhala nawo mlandu wonse ukatha. Za masiku 14 amazimva kwa loya wawo tsiku la 15, nkhope ili pansi.

Tiyerekeze motere. Kampani ya ku Kanengo yagula makina oyengera mafuta ophikira kwa kampani ya ku Durban. Makina afika, aikidwa, koma akungodya magetsi osatulutsa zimene analonjezedwa. A ku Kanengo asuma ku High Court, ku nthambi yoona milandu ya malonda imene tonse timangoti Commercial Division. A ku Durban sakuyankha n'komwe za makinawo. Iwo akuti kontrakiti inanena kuti mikangano yonse ikaweruzidwa ku South Africa, choncho jaji wa ku Lilongwe alibe mphamvu pa nkhaniyi. Jaji wamva mbali zonse ndipo wagamula. Za makina sanazikhudze, wangonena kumene mlandu ukambidwe. Chigamulo chotere maloya amachitcha interlocutory, ndiye kuti cha m'kati mwa ulendo, mlandu weniweni usanathe. M'gulu lomweli muli lamulo loti wodandaula wakunja ayambe waika chikole cha ndalama zoyendetsera mlandu, chiletso chogwira akaunti ya kubanki, lamulo loti mbali ina itulutse makalata amene ikubisa, chilolezo chotumiza masamani kunja kwa dziko, ndi zina zotero.

Mwaluza pa chimodzi mwa zimenezi. Mutani?

Tsiku lomwelo

Lembani deti la chigamulo pamalo poti muzilionapo, ndipo muwerenge masiku 14 kuyambira pamenepo, Loweruka ndi Lamlungu momwemo. Gawo 23 la lamulo la Supreme Court of Appeal Act limati wofuna kuchita apilo adziwitse Rejisitala wa High Court m'masiku 14 ngati chigamulocho n'cha m'kati mwa mlandu, ndipo m'masabata asanu ndi limodzi ngati n'china chilichonse. Musayambe kuwerenga pa tsiku limene mwalandira chigamulo chotayipidwa. Jaji akhoza kulankhula Lachiwiri m'chipinda chake, pepala lodindidwa n'kutuluka sabata yotsatira, koma masiku anu anayamba kale kuyenda.

Loya wanu apemphe kope la chigamulo ndi zifukwa zake tsiku lomwelo, ndipo lamulo limene jaji wapereka lilembedwe bwino, lisainidwe, lidindidwe. Podikira zimenezo, zolemba za loya amene anali m'chipindamo ndizo chuma chanu. Auzeni azitayipe madzulo omwewo mawu a jaji akadali m'mutu.

Ngati inu ndinu oimira kampani yakunja, kapena abwana anu ali ku likulu kutali, imbani foni lero, osangotumiza imelo. Ndinaonapo apilo ikufa chifukwa cha zimenezi. Chigamulo chinatuluka sabata imene anthu a ku China amatseka maofesi kukondwerera chaka chawo chatsopano. Manejala wa kuno analemba imelo yaulemu, yofotokoza zonse bwinobwino, n'kumadikira. Yekhayo amene akanavomereza kuti ndalama za apilo zituluke anali kumudzi kwawo. Yankho linabwera patatha masiku 17, ndipo linali la mawu awiri okha ovomereza. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti mlandu ukamayamba kumene, likulu lilemberetu kalata yopatsa munthu wa kuno mphamvu yolamula loya kusungitsa apilo popanda kudikira bodi. Kuibweza apilo pambuyo pake n'kosavuta. Kuitsitsimutsa itafa ndiye ntchito.

Chigamulo chanu chili m'dengu liti

Tsegulani gawo 21 la lamulo lomwelo. Limagawa zigamulo za High Court m'magulu atatu, ngakhale silinena choncho m'mawu ake.

Pali zimene simungachitire apilo n'komwe. Chimene chimakhudza amalonda kawirikawiri ndi ichi: wogulitsa wakunja wapempha khothi kuti limupatse chigamulo chachidule ponena kuti wogula alibe chodzitetezera, koma jaji walola wogulayo kudziteteza popanda kumuikira mfundo zoti akwaniritse. Apa khomo n'lotseka. Konzekerani mlandu weniweni basi.

Pali zimene zimafuna chilolezo, chimene maloya amati leave. Muno ndi mmene muli zigamulo zambiri za m'kati mwa mlandu, malamulo operekedwa m'chipinda cha jaji, malamulo okhudza ndalama zoyendetsera mlandu zokha, komanso amene mbali zonse zinagwirizana.

Kenako pali zochepa zimene lamulo linazipatula kuti sizifuna chilolezo ngakhale zili za m'kati mwa mlandu, monga pamene chiletso chaperekedwa kapena chakanidwa, ndi pamene khothi laika kapena lakana kuika munthu woyang'anira katundu wokanganiranayo. Koma samalani. Ziletso zambiri zimaperekedwa m'chipinda cha jaji, ndipo lamulo la m'chipinda lili m'gulu lofuna chilolezo. Loya wa mbali inayo sadzalephera kukumbutsa khothi zimenezo. Ine ndimati pemphani chilolezo ndithu. Palibe anataya apilo chifukwa chokhala ndi chilolezo chimene sichimafunika.

Nanga ngati simukudziwa ngati chigamulo chanu n'chomaliza kapena cha m'kati? Funso limeneli lasautsa majaji a ku England kwa zaka zoposa zana. Ena amayang'ana mtundu wa pempho limene linabweretsedwa, ena amayang'ana ngati lamulo lotulukalo lathetsa mkangano wonse. Jaji akanena kuti mlandu wa makina aja upite ku Durban, kwa a ku Kanengo zimamveka ngati mathero, pomwe za makinawo palibe waweruza. Musalowe nawo mkangano umenewu ndi ndalama zanu. Chitengeni ngati cha m'kati, gwirani ntchito ndi masiku 14.

Mwina khomo si la apilo

Malamulo ambiri amene amapweteka makampani akunja amaperekedwa iwo kulibe. Chilolezo chotumiza masamani kunja chimapemphedwa ndi mbali imodzi. Chiletso chogwira akaunti chimapemphedwa mwakachetechete, apo ayi ndalamazo zikanauluka usiku womwewo. Chigamulo choperekedwa chifukwa choti woyankha sanayankhe chimatulukanso iye asakudziwa. Pa zonsezi simuthamangira ku Supreme Court. Mumabwerera ku khothi lomwelo n'kupempha kuti lamulolo lichotsedwe, popeza jaji anangomva mbali imodzi. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017, amene maloya amangoti CPR, ndi amene amatsogolera mapempho amenewa ku High Court. Jaji akamva mbali zonse n'kukanabe, apo ndiye nkhani ya apilo yayamba.

Pobwererapo, fufuzani mmene masamani anafikira. Malawi ali m'pangano la ku Hague la 1965 la kaperekedwe ka mapepala a khothi kunja kwa dziko. China, India ndi United Kingdom alinso momwemo, koma South Africa mulibe. Njira imene inali yolondola potumiza mapepala ku Mumbai siyingakhale yomweyo potumiza ku Durban. Fufuzaninso ngati wopempha chiletso anauza jaji zonse, zomukomera ndi zomuipira zomwe. Amene wapita yekha kwa jaji ali ndi udindo woulula zonse, ndipo kubisa mfundo yaikulu pakokha kumagwetsa chiletso.

Chenjezo kwa amene akukana mphamvu za khothi la kuno, kapena amene akuti kontrakiti inanena kuti mkangano upite kwa oweruza apadera m'njira ya arbitration: musayambe kuyankha za makina. Mukangolowa m'nkhani yeniyeni popanda kunena momveka kuti mukukanabe mphamvu za khothi, mbali inayo idzati mwalowa nokha m'bwalo ndipo mwavomera kuvina.

Khalani pansi, muwerengere

Apa ndi pamene ndimafuna kuti mwini bizinesi, osati loya yekha, aganize mofatsa. Kuluza kumawawa, ndipo munthu akatuluka m'chipinda cha jaji atapsa mtima mawu oyamba amakhala akuti "tipite ku Supreme." Walira mvula walira matope. Apilo ya m'kati mwa mlandu ili ndi matope atatu.

Oyamba ndi akuti zigamulo zambiri zoterezi zimachokera pa kuona kwa jaji mwini, zimene maloya amati discretion. Khothi la apilo silifunsa kuti "ife tikanagamula bwanji?" Limafunsa ngati jaji anagwiritsa ntchito mfundo yolakwika ya lamulo, ngati anaganizira zosayenera kuganizira, ngati anasiya zofunika, kapena ngati chigamulocho n'cholakwika moonekeratu. Majaji a apilo akhoza kuganiza mumtima kuti iwo akanalamula chikole chocheperapo, koma n'kuisiya nkhani mmene ilili. Pa funso loti mlandu ukambidwe dziko liti, maloya a kuno amatchula kawirikawiri mlandu wa Spiliada umene House of Lords, khothi lalikulu la ku Britain pa nthawiyo, inagamula mu 1986. Mu mlandu womwewo Lord Templeman ananena kuti nkhani zotere ndi za jaji woyamba, kuti zizikambidwa kwa maola osati masiku, ndiponso kuti apilo pa zimenezi izikhala ya apo ndi apo. Amene amautchula mlanduwu pofuna kusamutsa nkhani amaiwala mbali imeneyo.

Achiwiri ndi akuti Supreme Court of Appeal yathu yakhala ikunena mobwerezabwereza kuti sifuna milandu yobwera zidutswazidutswa. M'milandu ngati ya Aon Malawi ndi ya Toyota Malawi, khothili linaonetsa kuti chigamulo chimene sichinakhwime, mwachitsanzo pamene jaji wanena kuti wina ndi wolakwa koma ndalama za chipukuta misozi sizinawerengedwe, si choti n'kuthamanga nacho ku apilo. Mawu amene mudzamve ndi akuti inchoate, chinthu chosapsa. Mukapita ndi dandaulo loti jaji anakana kusuntha tsiku la mlandu, kapena analola mnzanu kusintha ndime ina m'chikalata chake, konzekani kufunsidwa chifukwa chimene simunadikire kuti mlandu uthe n'kubweretsa zonse pamodzi.

Achitatu ndi nthawi, ndipo pa mlandu wa ndalama zakunja nthawi ili ndi mtengo wake wowerengeka. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi ngongole ya madola 100,000 anagona ali ndi ngongole ya K118 miliyoni, n'kudzuka ili K170 miliyoni, chiwongola dzanja tisanachiwerengere. Ndiye ngati ndinu kampani ya kuno imene mwina idzalipira m'madola, mwezi uliwonse umene apilo yanu ikudya ukhoza kukhala ukukulitsa dzenje lanu lomwe. Ngati ndinu wakunja amene mukufuna ndalama zolembedwa m'makwacha, kuchedwa kukudyerani inuyo. Tengani pepala, lembani ndalama imene mlandu ukunena, mtundu wake, ndipo mudzifunse kuti kuchedwa kwa chaka chimodzi kukomera ndani. Nthawi zina mudzapeza kuti apilo imene mukuifuna ndi mphatso kwa mdani wanu.

Ndiye ndi ziti zoyenera kulimbana nazo pompano? Muyeso wanga ndi umodzi: kodi chovulalacho chingakonzedwe mlandu ukatha? Ngati jaji wakana kalata ina kukhala umboni, mukhoza kulembetsa kusakhutira kwanu, kupitiriza mlandu, ndipo mukadzaluza mudzaiike nkhaniyo m'zifukwa za apilo yaikulu. Mwinanso mudzapambana, osaifunanso. Koma ngati jaji wanena kuti mlandu ukambidwe kuno pomwe kontrakiti ikuti arbitration ku London, kudikira sikuthandiza, chifukwa chimene mumakana ndi mlandu womwewo umene mukhala mutauyenda wonse. Pa nkhani imeneyi nthaka inasintha: Malawi analowa m'pangano la New York la 1958, lokhudza arbitration ya pakati pa maiko, mu 2021, ndipo tsopano tili ndi lamulo lapadera la International Arbitration Act, choncho mfundo yoti khothi lilemekeze zimene anthu anagwirizana ili ndi miyendo yolimba kuposa kale. Chimodzimodzi chiletso chimene chagwira akaunti yolipirira antchito, kapena chikole chachikulu moti wodandaula sangachikwanitse ndipo mlandu wake ufera pomwepo. Izi sizidikira.

Kupempha chilolezo

Mwaganiza zopitiriza. Yambani kwa jaji yemweyo amene wakugamulani. Zimamveka zachilendo kupempha munthu kuti akuloleni kukamunenera kwa akuluakulu ake, koma malamulo a Supreme Court of Appeal, pa Order I rule 18, amati pempho limene lingapite ku makhothi onse awiri liyambe ku khothi la m'munsi. Mukalumpha sitepe imeneyi, ku Chichiri, kumene kuli Supreme Court, adzakubwezani. Loya wochenjera amapempha pakamwa nthawi yomweyo jaji akangomaliza kuwerenga chigamulo, mwaulemu, asanatseke fayilo. Akakanidwa, kapena ngati mpata unalibe, amalemba pempho mwamsanga. High Court ikakana, pempho limapita kwa jaji mmodzi wa Supreme Court of Appeal, amene gawo 7 la lamulo lija limamupatsa mphamvu yomva nkhani zimene sizithetsa apilo yeniyeniyo. Chimene jaji mmodziyo wagamula chikhoza kuonedwanso ndi khothi lonse.

M'pempholi musabwereze mlandu wonse. Onetsani zinthu ziwiri: kuti apilo ili ndi mwayi weniweni wopambana, ndi kuti singadikire mpaka mapeto. Chachiwirichi ndi chimene ambiri amachiiwala, pomwe ndi chimene jaji akufuna kumva.

Musalole kuti masiku 14 athe mukudikira tsiku lomvera pempho la chilolezo. Malamulo saletsa kupereka chikalata cha apilo pempholo lisanamvedwe. Chitani zonse ziwiri m'kati mwa masikuwo.

Chikalata cha apilo ndi zifukwa zake

Chikalatachi, notice of appeal, chimaperekedwa ku registry ya High Court kumene mlandu uli. Chimanena mbali ya chigamulo imene mukuikana, zifukwa zanu, chimene mukufuna khothi lichite, ndi maina ndi ma adiresi a onse okhudzidwa. Order III rule 2 imafuna kuti zifukwa zikhale zachidule, chilichonse pachokha ndi nambala yake, zopanda kukangana kapena kufotokoza mbiri. Chifukwa cholembedwa mwachisawawa, chongoti jaji analakwitsa lamulo osanena kuti pati, chikhoza kufufutidwa, ndipo zonse zikafufutidwa apilo yatha musanatsegule pakamwa.

Inu mwini mlandu, pemphani kuti muziwerenge zifukwazo zisanapite. Mukapeza zilipo 15 pa chigamulo cha masamba asanu, funsani loya wanu kuti zitatu zamphamvu ndi ziti. Pa nkhani ya ku Kanengo ija, chifukwa chabwino chingakhale choti jaji anatenga ndime ya kontrakiti yongolola makhothi a ku South Africa ngati ndime yoletsa makhothi ena onse, kapena kuti sanaganizire zoti makinawo, mainjiniya amene anawayesa ndi mboni zonse zili ku Lilongwe. Zimenezo ndi zolakwika zoti munthu angaziloze ndi chala.

Wopita ku registry apite m'mawa, ndi makope okwanira, ndipo asachoke asanaone chidindo chokhala ndi deti pa kope lanu ndi lisiti la ndalama zimene walipira. Chidindo chikhale chowerengeka. Inki ikakhala yofooka, apemphe kalaliki adindenso. Kachinthu kakang'ono, koma tsiku lina mkangano wonse udzakhala pa nambala imene ili pakati pa chidindocho.

Mapepala ochokera kutsidya

Apa ndi pamene mlandu wokhala ndi mbali yakunja umasiyana ndi wina uliwonse. Mapempho a chilolezo ndi oimitsa chigamulo amayenda ndi chikalata cholumbirira, chimene malamulo a 2017 amachitcha sworn statement. Ngati wolumbira ali kunja, alumbire pamaso pa notary public wa kumeneko, munthu wovomerezeka kulumbiritsa ndi kutsimikiza zikalata, ndipo chikalatacho chitsimikizidwe kuti khothi la kuno lichikhulupirire. Malawi ali m'pangano la apostille, chidindo chotsimikiza zikalata zopita kunja, kuyambira 1967. South Africa, India ndi United Kingdom ali momwemo, ndipo China inalowa mu November 2023. Ku maiko amenewa chidindo chimodzi cha apostille chimakwana. Ku South Africa chimaperekedwa ndi rejisitala wa High Court kapena unduna woona za ubale ndi maiko ena ku Pretoria. Dziko limene silili m'panganoli limafuna njira yaitali yodutsa ku unduna ndi ku ofesi ya kazembe, ndipo imeneyo siyikwana m'masiku 14.

Njira yake ndi kugawa ntchito. Zimene zachitika m'khothi, madeti, zimene jaji ananena, angalumbire ndi loya wa kuno kapena manejala wa kuno amene akuzidziwa. Zokhazo zimene wakunja yekha angazinene, monga mmene ndalama za kampani zilili kapena katundu amene ili naye, ndizo zidikire chikalata chochokera kutsidya, ndipo loya auze khothi kuti chili m'njira. Makalata a Chipwitikizi ochokera ku Beira kapena ku Tete, ngakhale a Chitchaina, amafuna womasulira amene alumbire kuti wamasulira molondola, poti chilankhulo cha makhothi akuluakulu kuno n'Chingerezi.

Likulu likanena kuti litumiza loya wake wamkulu kuti adzalankhule ku Supreme Court, liuzeni msanga kuti sizichitika mwachisawawa. Loya wakunja sayima pamaso pa khothi la Malawi popanda kuvomerezedwa. Ambiri tikukumbukira 2020, pamene bungwe la Malawi Electoral Commission linafuna kuti maloya a ku South Africa aliyimire pa apilo ya mlandu wa chisankho, Chief Justice wa nthawiyo Andrew Nyirenda n'kukana pempholo. Loya wa ku likulu athandize kulemba mfundo ali kwawo. Woyima ndi wa kuno.

Apilo siimitsa kanthu payokha

Ichi chimadabwitsa ambiri. Mwapereka chikalata cha apilo, koma lamulo la jaji likugwirabe ntchito, ndipo mlandu ku Commercial Division ukuyendabe. Ngati munalamulidwa kuika chikole m'masiku 21, masikuwo akuwerengedwa. Ngati munalamulidwa kutulutsa makalata, tsiku lake likubwera. Kuti zinthu ziime mufunika lamulo lina, la stay, ndipo muziona kuti mukupempha chiyani kwenikweni: kuimitsa lamulo limene mukulikana, kuimitsa mlandu wonse mpaka apilo itamvedwa, kapena zonse ziwiri. Pempholi nalonso limayamba ku High Court.

Khothi limayamba ndi maganizo oti wopambana asamanidwe zipatso za chigamulo chake. Pa mlandu wa Mike Appel & Gatto, Supreme Court of Appeal inatsindika kuti chofunika ndi kuyeza kumene kuli chiopsezo cha chisalungamo: ndani avulale kwambiri stay ikaperekedwa, ndani avulale ikakanidwa. Pamene mbali ina ili kunja, funso limeneli limakhala ndi mano. Ngati ndalama zogwidwazo zimasulidwa n'kutuluka m'dziko, kodi zidzabwereranso mukapambana apilo? Nenani zimenezo ndi umboni, osati ndi mantha okha: kampaniyo ilibe ofesi kuno, ilibe katundu kuno, akauntiyo ndi yokhayo.

Ndipo musapite manja lendelende. Wopempha stay amene wanena yekha kuti ali wokonzeka kuika ndalama kukhothi, kapena kubweretsa chitsimikizo cha banki ya kuno, amamvedwa mosiyana ndi amene akungopempha nthawi. Kwa kampani yakunja, chitsimikizo cha banki chimapepukirapo kusiyana ndi kutumiza madola amene adzasinthidwe kukhala makwacha n'kukhala miyezi akusungunuka, kenako n'kuyambanso kufunafuna chilolezo ndi ndalama zakunja kuti abwerere kwawo. Kambiranani zimenezi ndi banki pempho lisanalembedwe, kuti loya akanene chinthu chimene chilipodi.

Stay ikakanidwa kumakhothi onse awiri, mverani lamulolo uku mukunena m'kalata kuti mukutero popanda kutaya apilo yanu. Kunyozera lamulo la khothi chifukwa choti "tili ku apilo" kumabala mlandu wina, woipa kuposa woyambawo.

Fayilo iyende

Zikatere, ntchito yotsala ndi yosasangalatsa koma ndiyo imapha ma apilo ambiri. Rejisitala amaitana mbali zonse kuti zigwirizane mapepala olowa mu record of appeal, buku limene majaji a apilo adzawerenge. Wochita apilo ndi amene amalipira ndi kulondola kuti bukuli likonzedwe. Pa apilo ya m'kati mwa mlandu lisakhale lonenepa: pempho limene linakambidwa, zikalata zolumbirira za mbali zonse, kontrakiti, chigamulo, chilolezo, chikalata cha apilo. Kenako mfundo zolembedwa, ma skeleton arguments, ziperekedwe pa nthawi yake pamodzi ndi milandu imene mukudalira.

Funsani loya wanu sabata iliyonse kuti buku lafika pati. Amene watenga stay n'kugona amadzutsidwa ndi pempho la mbali inayo loti stay ichotsedwe ndipo apilo itayidwe chifukwa chosailondola, ndipo makhothi sachitira chifundo munthu amene akuoneka kuti ankangofuna kugula nthawi. Ngati nkhani ndi yachangu zenizeni, monga akaunti yogwidwa, loya alembere Rejisitala kupempha tsiku lapafupi, ndi zifukwa.

Masiku 14 akakupitirirani

Sikuti zatheratu. Gawo 23 lomwelo limalola khothi kuonjezera nthawi, koma Order III rule 4 imafuna zinthu ziwiri pamodzi: chikalata cholumbirira chopereka zifukwa zomveka ndi zolemera zimene munachedwera, ndi zifukwa za apilo zimene pongoziona zikusonyeza kuti nkhaniyo ndi yoyenera kumvedwa. Chimodzi chokha sichikwana. Fotokozani kuchedwako tsiku ndi tsiku, osasiya mpata. "Timadikira likulu" ndi chifukwa chofooka, poti khothi lidzafunsa ngati ku likuluko kulibe foni. Ndipo pempholi lipite tsiku limene mwazindikira kuti mwachedwa, chifukwa kuchedwa kwachiwiri kumakhala kovuta kukufotokoza kuposa koyamba.

Ngati ndinu amene munapambana

Mnzanu ndiye wachita apilo. Musanayambe kuyankha mfundo zake, tengani kalendala. Onani deti la chigamulo ndi deti la pa chidindo cha chikalata chake. Onani ngati anatenga chilolezo, ndiponso ngati anayamba wapempha ku High Court. Werengani zifukwa zake ndi Order III rule 2 pambali. Ma apilo ambiri a mtundu uwu amagwa pa zinthu zinayi zimenezi.

Akapempha stay, musangokana. Konzaninso yankho lachiwiri loti ngati khothi lingaipereke, ikhale ndi mfundo: ndalama ziikidwe kukhothi kapena chitsimikizo cha banki chibwere pofika tsiku lakuti, buku la apilo likonzedwe m'masiku akuti, ndipo akalephera stay igwe yokha popanda inu kubweranso kudzapempha. Ngati wochita apiloyo ali kunja ndipo alibe katundu m'Malawi, pemphani chikole cha ndalama zimene muwononge pa apiloyo. Ndipo ngati stay yangokhudza lamulo limodzi, osati mlandu wonse, lemberani kalaliki wa jaji ku Commercial Division kupempha tsiku lotsatira, kuti nkhani ya makina ija iyambe kumvedwa.